ZA UMOYO WATHU: Singano ya ku China ndi Lumo la Mphini



Ambiri a ife a m'mbali mwa nyanja tili ndi abale ku Mzuzu, makamaka ku Chiputula, kumene adapita kukachita malonda nakhazikika komweko. Munthu wokulira kotentha ngati ku Nkhotakota kapena ku Salima, chisanu cha Mzuzu cha mu Juni ndi Julayi sichimumvera chisoni. Maondo amaphwanya, msana umakana kuwerama, ndipo ngakhale kugwetsa nkhope pansi pa Swala kumasanduka ntchito yaikulu. Anthu otere ndi amene amafunsa kuti: kodi singano za Atchaina zija zimachizadi? Nanga Msilamu akuloledwa kubayitsa?

Funsoli silidachokere patali. Chipatala chachikulu cha Mzuzu chidamangidwa ndi thandizo la dziko la Taiwan ndipo chidatsegulidwa m'chaka cha 2000. Kuyambira mu 2008, Malawi atapalana ubale ndi boma la ku Beijing, magulu a madokotala a ku China akhala akubwera kudzagwira ntchito pachipatalachi ndiponso pa Kamuzu Central ku Lilongwe. Motero nkhani za machiritso a kwawoko zidayamba kumveka m'makomo mwathu.

Kachizidwe ka singanoka, kamene kamatchedwa acupuncture, n'kakalekale. Buku lawo lotchedwa Huangdi Neijing, lolembedwa zaka zoposa 2,000 zapitazo, limafotokoza kale za iko. Singano zake n'zopyapyala ngati tsitsi ndipo zilibe mankhwala m'kati monga jakisoni. Wochiza amazibaya pamalo osankhidwa a thupi, nazisiya kwa mphindi 20 kapena 30, kenaka n'kuzizula. M'chaka cha 2008 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lidasindikiza buku lolongosola malo 361 obayapo.

Atchaina akale ankati m'thupi mumayenda mphamvu yotchedwa qi, ndipo ikatsekeka munthu amadwala. Madokotala a lero amati singanoyo imagwedeza mitsempha, ndipo thupi limatulutsa timadzi take tochepetsa ululu. Kafukufuku waonetsa kuti njirayi imathandiza anthu ena pa ululu wokhalitsa wa msana ndi maondo, mutu waching'alang'ala ndi mseru, ngakhale thandizolo nthawi zambiri limakhala lapang'ono. Koma singano sichiza malungo, chifuwa chachikulu, shuga, kuthamanga kwa magazi kapena Edzi. Wokuuzani kuti musiye mankhwala a kuchipatala chifukwa cha singano zake, ameneyo akukumba manda anu.

Kunena za chipembedzo, Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, adatilimbikitsa kufunafuna mankhwala tikadwala. M'mahadisi a Bukhari timamva kuti iye mwini adalumikidwa, kumene Aarabu amati hijama, ndipo adamulipira wolumikayo. Choncho kuboola khungu pofuna thandizo si chinthu chachilendo kwa Msilamu. Chofunika n'chakuti mtima udziwe kuti singano ndi njira chabe, wochiza ndi Allah yekha. Amayi ndi atsikana apemphe wochiza wamkazi ngati alipo, kapena apite ndi wowaperekeza, ndipo avundukule malo okhawo ofunika.

Tsono pali nkhani imene ikundidetsa nkhawa kuposa zonsezi. Ife Amalawi kuboola khungu tidakuzolowera. Bondo likatupa timatema mphini, mutu ukavuta timalumika, ndipo kawirikawiri lumo limodzi limayenda kuchoka pa agogo kupita pa mdzukulu. Chizolowezi chomwecho chikalowa m'singano za ku China, tidzalira. Kachilombo ka HIV ndi matenda a chiwindi a Hepatitis B amayenda m'magazi, ndipo kadontho kosaoneka ndi maso n'kokwanira. Ka Hepatitis B kamatha kukhala kamoyo pa chitsulo chouma kwa sabata yathunthu, kotero kupukuta lumo ndi nsalu sikuthandiza kanthu. Komanso singano ikabayidwa mozama pachifuwa kapena kumsana ndi munthu wosaphunzira, imatha kuboola phapo.

Safunsa adadya phula. Musanagone pabedi la wobaya aliyense, funsani ngati adalembetsedwa ku Medical Council of Malawi, bungwe limene limapereka ziphaso kwa ochiza m'dziko muno. Onetsetsani kuti singano akuzitulutsa m'paketi yomata inu mukuona, ndipo akatha akuzitaya. Yambani mwapita kuchipatala kuti akuyezeni, pakuti msana wopweteka nthawi zina umakhala chizindikiro cha impso kapena TB ya m'mafupa. Mayi woyembekezera, ndi munthu amene akumwa mankhwala osungunula magazi, anene poyera asanabayidwe. Lamulo lomweli ligwirenso ntchito pa mphini, pa kulumika ndi ku jando: munthu mmodzi, lumo limodzi latsopano.

Thupili ndi amana imene Allah adatisungitsa, ndipo tidzafunsidwa za m'mene tidaisamalira. Mukamatumiza moni kwa abale a ku Chiputula, auzeninso mawu amenewa. Allah awapatse shifa odwala athu onse. Amin.