Khoma munaliwongola, koma mphuno ikutipwetekabe

A dokotala, tinabwera kwa inu chifukwa mbali imodzi ya mphuno inkatsekeka usiku uliwonse. Munati khoma lapakati pa mphuno ndi lokhota, ndipo mukaliwongola tidzapuma bwino. Tinasaina, opaleshoni inachitika, thonje ndi timapulasitiki ta m'mphuno zinachotsedwa. Kutupa kunathadi monga munanenera. Ululu ndiye sunathe, ndipo ena mwa ife chaka chadutsa.

Mkatimo mumawotcha ngati mwalowa tsabola, makamaka mpweya wozizira wa m'mawa ukamadutsa. Magalasi a m'maso akangokhala pamphuno, timawavula msanga. Mwana akatigunda ndi mutu pomunyamula, misozi imangotsika yokha. Ena mano akutsogolo a m'mwamba anachita dzanzi, moti chimanga chootcha anasiya kuluma. Tinamva pambuyo pake kuti pali mtsempha wotchedwa nasopalatine, umene umayenda pakhoma lomwelo n'kutsikira m'kamwa, kuseri kwa mano amenewo. Inu mumaudziwa. Bwanji simunautchule tisanasaine?

Chotiwawa kwambiri n'zimene zimachitika tikabwerera. Mumalowetsa kakamera, mumayang'ana kanthawi kochepa, kenako mumati, "Khoma lawongoka, zonse zili bwino." Timatuluka ndi Panado. Koma mtsempha wovulala suoneka pa kamera, ndipo ululu wake sumvera Panado kwenikweni. Pali mankhwala ngati amitriptyline ndi gabapentin amene amaperekedwa pa ululu wa mitsempha, koma ambirife palibe anatifunsapo ngakhale mmene ululuwo umamvekera, kaya ukuwotcha, kaya ukulasa.

Ena khoma linabooka. Akamapuma mphuno imaimba mluzu, nkhanambo zimauma m'mphepete mwa bowolo, ndipo akazichotsa magazi amatuluka.

Ndiye pali anzathu amene munawachepetsanso timinofu ta m'mbali mwa mphuno totchedwa turbinates, timene timafunditsa ndi kunyowetsa mpweya. Mphuno yawo ili pululu, koma amamva ngati akubanika. Vutoli lili ndi dzina, empty nose syndrome, ndipo amene analitcha choncho ndi Dr Eugene Kern wa ku Mayo Clinic mu 1994. Zaka zonsezi zapita, komabe munthu akalitchula m'chipinda chanu amauzidwa kuti ndi nkhawa chabe. Nkhawa tili nazodi. Munthu amene sagona chifukwa cha mphuno angalephere bwanji kuda nkhawa? Ululu ndi umene unayamba, nkhawazo zinabwera pambuyo.

Sitikunena kuti opaleshoniyi ndi yoipa. Ambiri inawathandiza, ndipo tikuwadziwa. Ife tikupempha kuti mutipime mofatsa. Gwirani pamene tikulozapo. Ikani kathonje konyowa m'mphuno kwa kanthawi, muone ngati kupuma kukusintha, poti njira imeneyi ilipo ndipo siidula. Ngati vutoli lakukulirani, tilembereni kalata yotitumiza kwa katswiri wa mitsempha kapena wa ululu, osati kungotiuza kuti tidzabwerenso pakatha miyezi itatu.