Makola asatsekulidwe mapira ali chiimire m'munda

Abale anga a pano pa Ngabu, ndi inu muli ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Joni, lero ndabwera ndi nkhani imene timangoing'ung'udza pa mjigo ndi pa maliro, koma tikafika pabwalo la amfumu tonse pakamwa tseke. Nkhani yake ndi yotayirira ng'ombe. Ndikudziwa ena mundida nayo, poti kuno ukakhudza ng'ombe wamtosa mwini wake m'maso. Koma mwera wayamba kuwomba, masau akupsa, ndipo tonse tikudziwa chimene chimabwera masau akapsa. Makola amatsekulidwa, abusa amapuma, ndipo amene sanamalize kudula mapira amayamba kugona kumunda ngati alibe nyumba.

Ndiyambe ndanena kuti inenso ndili nazo zingapo m'khola, musati ndikulankhula chifukwa cha nsanje. Sindikunenanso kuti kutayirira kuthe. Chimene ndikukana ndi chakuti makola azitsekulidwa poyang'ana mwezi, osayang'ana m'munda.

Inu a m'tauni mwina mwaiwala mmene chaka chimayendera kwathu kuno, nde ndikukumbutseniko. Okutobala ndi Novembala ndi ng'anjo, makande ang'ambika ming'alu yoti phazi la mwana n'kulowa, anthu tikugona panja. Mvula ikagwa, makande omwewo asanduka ulimbo, njinga umachita kuisenza. Tibzala mapira, mchewere ndi thonje, ena chitowe, ndi chimanga kwa olimba mtima. Febuluwale ndi mwezi wa njala, mwezi umene a kufupi ndi dambo amakumba nyika. Kenako mapira akamasula, ana ndi amayi ali pa nsanja kuingitsa mbalame kuyambira m'bandakucha mpaka mawu atasasa. Thonje liphulika, tiyamba kutola, misika itsekulidwa, pa Ngabu pamveka fungo la kanyenya ndipo ogulitsa zitenje amwetulira. Mwera ukafika ndiye nthawi ya maukwati, ya mpira wa m'midzi, ya utse ndi likhuba usiku mwezi ukuwala, ya kuumba njerwa ndi kumanga ziliza. Pakati pa zonsezi pali tsiku limodzi limene silinalembedwe pa kalendala iliyonse, koma limagamula amene adye ndi amene agone ndi njala. Ndi tsiku lotayirira ziweto.

Pangano lake linali labwino, tisaname. Ukakolola, munda wako umasanduka wa mudzi wonse. Ng'ombe zidya mapesi, zikusiyira ndowe. Wopanda ng'ombe naye amapindula, poti ngolo yokatuta mapira ake imakokedwa ndi ng'ombe za mnzake, pa maliro nyama imachokera m'khola la mnzake, ndipo wodwala usiku amafika kuchipatala pa ngolo yomweyo. Panalibe wodandaula chifukwa anthu amamaliza ntchito pafupifupi limodzi. Funsani akuluakulu za nomi, magulu a anyamata ndi atsikana amene amayenda munda ndi munda kugwira ntchito, malipiro n'kumasunga pamodzi kuti adzachite phwando pakutha pa nyengo. Panalinso dima: ufulula mowa kapena thobwa, anzako abwera ndi makasu, munda utha tsiku limodzi. Nkhalamba sinkatsalira yokha m'munda. Lero nomi kulibe, dima yasanduka ganyu wa ndalama pamanja, ndipo wopanda ndalama amatola thonje lake yekha ndi zidzukulu mpaka Julayi. Pangano lija tasunga theka lake lokha, theka lokomera a makola.

Ndiye pali ena amati ukawafunsa, yankho lawo ndi lakuti ndi mwambo wa makolo. Makolo ake ati? Akuluakulu omwewo adzakuuzani kuti agogo athu ambiri anali anthu a mbuzi, nkhuku ndi nsomba. Ng'ombe zachuluka chonchi ndi ndalama za thonje. Ngabu weniweni amene tikumudziwayu, wa maofesi a zaulimi ndi malo a kafukufuku wa mbewu, anakula ndi pulojekiti ya thonje imene inayamba mu 1968. Mlimi akagulitsa thonje amagula ng'ombe, poti banki ya munthu wakumudzi ndi khola. Nthawi imeneyo tchire linali lambiri, anthu ochepa. Kuchokera apo mzimbe wa ku Nchalo watenga malo ake, Lengwe anaikuza m'zaka za m'ma 1970, ife tabereka ana, ana abereka ana, ndipo malo amene kale anali busa lero ndi minda ndi nyumba. Ng'ombe zawonjezeka, podyera pachepa. Zikatuluka m'khola zilowera kuti ngati si m'munda mwa munthu?

Mvula nayo yasiya kusunga nthawi. Chaka china imayamba Disembala ali kumapeto, china ingogwa kamodzi n'kudula masabata atatu, anthu n'kubzalanso kachiwiri, ena kachitatu. Wobzala kachitatu sangakolole limodzi ndi amene mbewu yake yoyamba inagwira. Amene anabzala mapira ocha msanga monga Pilira amamaliza, pamene wa mapira amakolo aataliatali akudikirabe. Si ulesi umenewo ayi. Ndipo amene amatsalira kawirikawiri ndi omwe aja opanda mphamvu, amayi amasiye, agogo olera ana amasiye, ndi amene anayamba wakagwira ganyu m'minda ya ena kuti apeze mbewu.

Koma pamene pali ululu weniweni ndi kudimba. Kale dimba linali la ndiwo ndi mbatata zoti ana azikazinga. Lero dimba ndiye nkhokwe. Taonani zaka zapitazi. Madzi osefukira a Januwale 2015, Idai mu Malichi 2019, Ana mu Januwale 2022, Gombe patangopita masabata ochepa, Freddy mu Malichi 2023, kenako chilala cha 2024 mpaka boma kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Pa zaka zonsezi mbewu ya dzinja inatipusitsa, ndipo mabanja ambiri anapulumuka ndi chimanga, nyemba ndi mbatata za m'chinyontho chimene madzi amasiya akaphwa. Tsono chimanga cha kudimba chimabzalidwa Epulo, Meyi, Juni. Ndiye kuti pamene makola akutsekulidwa, icho chili chobiriwira, chofika m'chiuno, pakati pa dziko louma gwa. Ng'ombe si yopusa. Ingasiye chobiriwira n'kumakatafuna phesi louma?

Usiku umodzi wokha ndi wokwanira. Munthu wathirira miyezi iwiri ndi kheni, kapena wapalasa thiredo pampu mpaka miyendo kuuma, wagula mankhwala a mbozi pa ngongole ya banki mkhonde, m'mawa akapeza ziputu ndi ndowe. Akapita kwa anyakwawa, funso loyamba ndi lakuti unaziona ndi maso? Lachiwiri, bwanji sunamange mpanda? Mpanda wa chiyani, abale, mitengo tinamaliza ndi makala? Minga ya mthethe yomweyo lero umakaisaka kutali, ndipo ng'ombe yanjala imaikankha ngati udzu. Mlandu ukapezeka, mbusa wake ndi kamwana ka zaka khumi kamene kangoyamba kulira. Mwini ng'ombe ali ku tauni, foni sakuyankha. Mapeto ake wolakwiridwa amalandira pepani ndi kandalama kosakwana ngakhale mbewu imene anabzala, ndipo amauzidwa kuti tisadane, ndife amodzi. Amabwerera kwawo ali chete, koma mumtima muli moto.

Moto umenewo ndi umene umabala zimene timamva chaka ndi chaka, ng'ombe yatemedwa mwendo ndi chikwanje, mbuzi zafa ndi madeya othira mankhwala. Zimenezo ndi zoipa ndipo sindiziikira kumbuyo. Chiweto sichidziwa malire, ndipo nyama yofa ndi poizoni imakathera m'mimba mwa ana athu omwe. Koma tisamadabwe ngati kuti zagwa kuchokera kumwamba. Munthu amene bwalo lamukana kawiri, kachitatu sabweranso kubwalo.

Tsono inu achimwene ndi achemwali a m'tauni, apa ndiye ndikulankhula ndi inu. Mwachita bwino kugula ng'ombe kwanu, takhuta. Ndi nzeru, poti kwacha ikugwa koma ng'ombe sigwa. Komatu ng'ombe si buku la ku banki loti ungalitsekere m'sutikesi. Imadya tsiku lililonse, imamwa tsiku lililonse. Ambiri mwa inu mumatumiza ya mbusa miyezi ya dzinja yokha, ikafika Juni mumati zitayirireni, zidzionera zokha. Kudzionera kwake ndi m'dimba la mlamu wanu. Pa Khirisimasi mukabwera ndi galimoto mumanyadira kuti zanenepa, osafunsa kuti zanenepa ndi chimanga cha yani. Ngati mungathe kugula ng'ombe khumi, simungalephere kulipira mbusa wamkulu chaka chonse. Ndikuti wamkulu, osati mwana wa mlongo wanu amene anzake ali m'kalasi iye ali padzuwa ndi chikoti. Ana anu ali pa sukulu zolipira, wa mnzanu akukalamba osadziwa kulemba dzina lake chifukwa cha ng'ombe zanu. Airtel Money ndi Mpamba zimafika kuno, musati njira palibe.

Nafenso a madimba tili ndi mbali yathu, ndisakondere. Pali anthu alima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, atseka njira imene ng'ombe zakhala zikudzera popita kukamwa kuyambira kale. Mitsinje yathu ngati Nyakamba chilimwe imasanduka mchenga, madzi amatsala m'malo owerengeka. Ukalima pakhomo pa madzi, ukufuna ng'ombe iuluke? Njira ya kumadzi ikhale yodziwika, yotakata, ndipo wolima pamenepo asadzabwere kudzalira kubwalo.

Chimene ndikupempha kwa mafumu athu, kuyambira anyakwawa, magulupu mpaka kwa gogo chalo, si chachilendo. Tsiku lotayirira lizilengezedwa, ndipo lisanalengezedwe anthu ayende m'minda. Atuluke nduna za amfumu, mlangizi, amayi awiri kapena atatu, ndi mmodzi wa a makola, akaone ndi maso ngati mapira adulidwa ndi thonje latoledwa. Akapeza minda isanu yatsalira chifukwa eni ake ndi okalamba kapena akudwala, a makola amene ali pachangu atumize anyamata awo akathandize kudula. Mukufuna munda msanga? Thandizani kuukolola. Imeneyo ndiye dima ya masiku ano, ndipo palibe amene angaluze. Zikatero tsikulo limveke m'matchalitchi, m'mizikiti ndi pa msika, kuti wina asadzati sindinamve.

Kumbali ya madimba ndiye kusakhale kutayirira n'komwe, chaka chonse. Ng'ombe zopita kumeneko zipite ndi mbusa, usiku zigone m'khola. Ndipo chindapusa chisamakhale cha pakamwa pa amfumu tsiku limenelo, kuyang'ana nkhope ya wolakwa. Chigwirizanidwe chaka chisanayambe, ndipo chikhale cha chakudya. Ng'ombe zako zadya munda woti ukanatulutsa matumba atatu, bweza matumba atatu. Ndalama imatha mphamvu pofika Febuluwale, thumba silitha mphamvu. Mwini wake akakhala kutali, ng'ombe imodzi igwidwe ikhale kwa amfumu mpaka atalipira. Muona mmene mafoni aja ayambire kuyankhidwa.

Ena anena kuti nanga ng'ombe zidya chiyani, poti pofika Okutobala zimakhala nthiti zokhazokha. Funso labwino. Koma taonani zimene timachita ndi mapesi. Ng'ombe zikalowa m'munda zimadya pang'ono, zambiri zimapondaponda, zotsala anyamata osaka mbewa amatentha. Pofika Ogasiti dziko lonse lili psiti, lakuda. Alangizi akhala akutiuza kuti tizitute mapesi a mapira, masangwi a nyemba ndi a mtedza, tiziunjike pa nsanja pamthunzi kuti tizipatsa ziweto m'chilimwe. Timawaseka, eti ng'ombe ya ku Chikwawa siipatsidwa chakudya ngati mwana. Chonsecho ikawonda timaigulitsa motchipa kwa mabutchala amene amatsika kuchokera ku Blantyre nthawi yomweyo imene akudziwa kuti tapanikizika. Komanso ng'ombe zongoyendayenda ndi zimene zimasakanikirana ndi za kutali, n'kutibweretsera matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi. Tonse tikudziwa zimene zimachitika akatseka misika ya ng'ombe chifukwa cha matendawa, ngakhale fizi ya mwana imasowa uli ndi khola lodzaza. Za akuba ndiye sindinena, ng'ombe yogona kutchire ndi mphatso kwa iwo.

Pali chinanso chimene chikubwera. Ngalande yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme, imene ikuchokera ku Kapichira, cholinga chake n'kuthirira mahekitala oposa 40,000 kutsika mpaka ku Bangula. Yachedwa, inde, ndipo Ana anaononga pamutu pake pomwe mu 2022. Koma tsiku limene madziwo adzafike mbali yathu ino, kudzakhala kobiriwira Januwale mpaka Disembala, ndipo sipadzakhalanso mwezi woti munda ndi wa aliyense. Ngati tikulephera kugwirizana pa madimba a m'mphepete mwa mtsinje, tidzatani pamenepo? Malamulo adzabwera ndi anthu a mafayilo, olembedwa m'Chingerezi, ndipo sadzafunsa kuti ng'ombe zanu zinkamwera kuti. Kuli bwino adzatipeze tili ndi athu, njira za kumadzi ndi malo odyetsera titazilemba kale.

Ndiye pempho langa kwa anyakwawa ndi lakuti mwezi uno usanathe muitane bwalo, ndipo amayi a madimba adzapatsidwe mpata woyamba kulankhula, asadzangokhala kumbuyo pa mphasa. Inu a m'tauni amene muli ndi makola kuno, ngati simungathe kubwera, tumizani munthu wamkulu woti akavomera chinthu m'dzina lanu chikhale chomwecho. Kumunsi kuno mapira amakolo akufunikabe masabata awiri kapena atatu, ndipo thonje ambiri tikutola kachiwiri.