Tikachokako ndi njala, mlandu si wa lilime lathu

Pali bodza limodzi limene ife achinyamata a mukomboni timakonda kunamizana mwezi ukatha. Tikapita kukadya ku lesitilanti ya chi French kumayadi, timabwerako tikunena kuti "zinali bwino maningi", pamene mimba ikulira. Zithunzi timaika pa Facebook ndi pa WhatsApp kuti tauni yonse idziwe kuti nafenso tafika. Koma Yango ikangotitula ku Chawama, ku George kapena ku Kanyama cha m'ma 22 hours, ntchito yoyamba ndi kuyatsa mbaula ndi kuteleka poto wa nsima.

Mmene madzulo otere amayendera tikudziwa tonse. Menu imabwera yodzaza mawu amene sitinawaonepo, popanda ngakhale mzere umodzi wofotokoza. Timaloza ndi chala, n'kudikira pafupifupi ola lathunthu. Ndiye pamabwera mbale yaikulu ngati lichero, pakati pake kanyama kofanana ndi kabokosi ka machisi, msuzi atachita kuujambula ndi supuni. Nyama ili yofiira mkati chifukwa palibe amene anatifunsa mmene timaikondera. Nsomba imanunkha firiji. Pomaliza bilu imabwera itanenepa, VAT ya 16% ndi service charge ya 10% zili momwemo. Ndalama imene inakagula thumba la breakfast la 25 kg ndi ndiwo za sabata yonse yathera pa anthu awiri amene sanakhute. Kumbukirani kuti mu January 2024 malipiro otsika kwambiri a wantchito wa m'nyumba anaikidwa pa K1,300 pa mwezi, ndipo ambiri a amayi athu ndi azilongo athu anali kulandira yomweyo.

Chodabwitsa n'chakuti timakhala chete. Mnyamata aopa kuti mtsikana amuona ngati waumbombo, mtsikana aopa kuti mnyamata amuona ngati wakumudzi, onse awiri aopa ba waiter. Tinadziuza kale kuti chakudya cha azungu sichingalakwike, ndiye ngati sichinatikomere, lolakwa ndi lilime lathu la mukomboni. Ife tikukana maganizo amenewa. Nthawi zambiri chakudya chimene chimatikhumudwitsa m'malo otere sichikhala chapamwamba kopitirira ife ayi. Chimangokhala chophikidwa moipa, chogulitsidwa modula, chovekedwa dzina lachilendo kuti tiope kufunsa.

Tiyeni tione kumene mayina oopsawa anachokera. Coq au vin ndi tambala wophikidwa pang'onopang'ono mu vinyo mpaka afewe, monga mmene ambuya amachitira ndi nkhuku ya kumudzi yolimba mafupa. Ratatouille ndi mabilinganya, tomato, anyezi ndi ndiwo zina za m'dimba za alimi a ku Provence. Cassoulet ndi nyemba zophika pamodzi ndi nyama ndi soseji. Bouillabaisse unali msuzi wa asodzi a ku Marseille, wopangidwa ndi nsomba zimene zinatsala osagulidwa pamsika. Escargot ndi nkhono, zomwe zija zimakwawa pa khoma mvula ikagwa. Munthu amene amadya nkhono ndi miyendo ya achule alibe chifukwa chosekera ife akudya vinkubala, inswa ndi mbewa. Ngakhale liwu lakuti restaurant, mu Paris wa m'ma 1760, linali dzina la msuzi wobwezeretsa mphamvu m'thupi. Malo amene amatitulutsa tili ofooka kuposa mmene tinalowera akunyoza dzina lawo lomwe.

Chimene chinakweza maphikidwe a ku France ndi lamulo losavuta: phika zimene zili pafupi, pa nyengo yake, zikadali zatsopano. Manje apa ndi pamene malesitilanti ena a mu Lusaka amagwera. Zambia ilibe nyanja ya mchere. Nsomba ya m'nyanja yaikulu imayenda ulendo wautali mu ayezi isanafike pa mbale yathu. Tchizi, vinyo ndi zokometsera zambiri amaziitanitsa kunja ndi ndalama zakunja, ndiye kwacha ikagwa, mtengo umakwera kapena mbale imachepa. Mu 2024, chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba, malaiti anali kupita maola ambiri tsiku lililonse, ndipo mafuta a genset nawonso analowa mu bilu yathu. Firiji imene imazima ndi kuyaka sisunga bwino nsomba, olo mwini wake alankhule chi French chotani.

Wophika wotsatira lamulo lija akanadzuka m'mamawa kupita ku Soweto Market. Akanagula bream ya ku Kariba kapena ya mu Kafue, nkhuku ya kumudzi, impwa, bondwe, chiwawa, ndi bowa wa tente nthawi ya mvula. Akanaziphika ndi luso limene anaphunzira, ndipo ife tikanamva kukoma kwatsopano pa zinthu zimene tidziwa kale. Amene amatiikira nsomba yotopa ndi ulendo, n'kuitcha dzina lalitali, akugulitsa dzina chabe.

Tisanamizanenso mbali inayi. Anzathu a Chibemba ali ndi mwambi wonena za mwana wosayenda amene amangotama maphikidwe a amayi ake, ndipo sitifuna kukhala mwana ameneyo. Kulawa zachilendo ndi chinthu chabwino, ndipo alipo ophika mu tauni muno amene amazichita mwaluso. Kuchepa kwa mbale nakonso kuli ndi chifukwa chake. Pamene UNESCO inalemba madyedwe a chi French pa mndandanda wa miyambo ya dziko lapansi mu 2010, inafotokoza chakudya cha magawo osachepera anayi: choyambira, nyama kapena nsomba ndi ndiwo zamasamba, tchizi, ndi chotsekemera chomalizira. Mbale imodzi sinapangidwe kuti ikhutitse munthu payokha. Ife timagula imodzi chifukwa ndi pamene thumba lathu lathera. Koma ngati zili choncho, lesitilanti iyenera kutiuza tisanaitanitse. Kubisa zimenezi kwa kasitomala woyamba kubwera ndi kumudyera masuku pamutu.

UNESCO yomweyo mu 2017 inalembanso nsima, kudzera mwa abale athu a ku Malawi, pa mndandanda womwewo. Choncho pa pepala la dziko lapansi nsima ndi chakudya cha chi French zikhala pa mphasa imodzi. Ndipo pa nkhani yolemekeza wodya, tili ndi zophunzitsa. Pitani ku Matebeto ku Thornpark masana. Mapoto ali poyera, mumaona ndi maso, mumaloza chimene mufuna, mtengo mumaudziwa musanasambe m'manja. Nsima ikakhala yosapsa mumauza amayi ogulitsa pomwepo, ndipo palibe amene amakuonani ngati mbuli. N'chifukwa chiyani pakamwa pomwepa, pamene pamadziwa kudandaula za mchere pa mbale yotchipa, pamatsekeka tikalipira ndalama yochuluka kangapo?

Chinanso timaiwala: amene amatibweretsera mbale zija ndi athu omwe. Kalingalinga ndi Mtendere zili pamphuno pa Kabulonga, ndipo ambiri otsuka mbale, odula anyezi ndi operekera zakudya kumayadi amagona mukomboni ngati ife. Ba waiter amene timawaopa chifukwa cha tayi mwina timakwera nawo basi imodzi. Tiwafunse mu Chinyanja: "Ba sisi, ichi n'chiyani? Nanga chikhutitsa munthu mmodzi?" Safunsa anadya phula. Tifunse ngati mtengo wa pa menu ndi womwe tidzaupeza pa bilu. Tinene mmene tifunira nyama yathu ipse. Mbale ikabwera yozizira kapena yonunkha, tiibweze mwaulemu ndi kuitana manijala, osakalipira ba waiter amene sanaphike. Ngati atilipiritsa zosiyana ndi zimene analemba, bungwe la Competition and Consumer Protection Commission lilipo kuti limve madandaulo a ogula, ndipo silifunsa ngati munthu akhala ku Matero kapena ku Ibex Hill.

Koposa zonse, tiyeni tileke kunamizana. Chithunzi chilichonse chimene timaika ndi mawu oyamikira abodza chimatumiza mnzathu wina kukataya ndalama ya lendi pa mbale yomweyo. Ngati chinakoma, tinene kuti chinakoma, wophikayo apeze makasitomala. Ngati tinachokako ndi njala, tinene kuti tinachokako ndi njala. Malesitilanti amasintha akaona kuti odya ali ndi pakamwa.

Ndipo kwa inu anzathu amene mukuphunzira zophika, kapena mukugwira ntchito m'makhichini a kumayadi: luso la msuzi, la moto ndi la mpeni limene mukuliona tsiku lililonse, bwerani nalo kunyumba. Asodzi a ku Marseille sanachite manyazi ndi nsomba zawo zotsala, ndipo lero anthu amakwera ndege kukazidya. Kapenta wa ku Siavonga, chikanda ndi delele zikudikira wophika wa ku Mtendere kapena wa ku Chawama amene adzazipatsa ulemu womwewo, pa mtengo umene anthu a kwawo angakwanitse.