BELU LALIRA, KOMA KODI ANA ATHU AKUPHUNZIRA?

Pali mawu amene akumveka kaŵirikaŵiri m'maofesi a maphunziro, m'misonkhano ya makomiti a sukulu, ngakhalenso pakamwa pa atsogoleri ena a m'madera, onena kuti popeza sukulu zinatsegulidwa ndipo ana anabwerera m'makalasi, zonse zili m'malo mwake. Mawu ameneŵa ndi okoma m'khutu, koma si oona, ndipo ife tikuwatsutsa poyera. Munthu wonena zotere ali ngati mlimi amene, madzi osefukira atadutsa m'munda mwake, amaimirira pamalire ndi kuŵerenga mizere, osaŵerama kuti aone ngati mbewu zikadalimo.

Tiyeni titenge mwana mmodzi wa ku Chinamwali, ku Sadzi kapena ku Mataŵale mu mzinda wa Zomba, amene analoŵa Sitandade 1 mu Sepitembala 1919 wa makolo athu ayi, koma mu Sepitembala 2019. Mwana ameneyu asanazoloŵere kugwira pensulo, sukulu zonse m'dziko muno zinatsekedwa pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha mliri wa Covid-19. Olemba mayeso anabwerera pa 7 Sepitembala, koma iye anadikira mpaka pa 12 Okutobala, ndiye kuti anakhala pakhomo miyezi yoposa isanu ndi umodzi. Mu Januwale 2021 sukulu zinatsekedwanso kwa masabata angapo, ndipo zitatsegulidwa aphunzitsi ananyanyala ntchito. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anakantha chigawo cha kum'mwera, boma la Zomba lili momwemo. Maphunziro anaima, ndipo makalasi ambiri anasanduka misasa ya anthu othaŵa madzi. Zonsezi zinamugwera mwana mmodzi yemweyo asanafike Sitandade 5. Kodi ndani angaimirire pagulu ndi kunena kuti mwana wotere anaphunzira zonse zimene buku limati anaphunzira?

Tisanamizire mliri ndi mphepo zokha. Nthendayi inalipo kale. Ofesi yoŵerengera anthu ndi zinthu ya National Statistical Office, imene likulu lake lili ku Zomba komweko, inachita kafukufuku m'zaka za 2019 ndi 2020, ndipo inapeza kuti mwa ana 100 alionse a zaka 7 mpaka 14, ana 19 okha ndiwo ankatha kuŵerenga kankhani kosavuta ndi kukamvetsa, pamene 13 okha ndiwo ankatha masamu oyambira. Muzu wake ndi wodziŵika. M'chaka cha 1994, pamene sukulu za pulaimale zinakhala zaulere, chiŵerengero cha ophunzira chinalumpha kuchoka pa pafupifupi mamiliyoni aŵiri kufika pa pafupifupi mamiliyoni atatu m'chaka chimodzi. Chinali chinthu chabwino ndithu kuti mwana wa mmphaŵi aloŵe m'kalasi, koma zipinda, mabuku ndi aphunzitsi osulidwa bwino sizinachuluke pa liŵiro lomwelo. Mliri ndi namondwe zinangogwetsa khoma limene linali ndi ming'alu kale.

Tsono mdani amene tikulimbana naye lero ndi chizoloŵezi chopembedza silabasi. Mphunzitsi wa Sitandade 5 amapatsidwa buku la Sitandade 5, ndipo oyendera sukulu akabwera amafunsa sikimu, amafunsa kaundula, amafunsa ngati mitu ya teremu ino yatha. Ndi angati amene amaitana mwana wa kumbuyo kwa kalasi ndi kumupatsa buku kuti aŵerenge? Mphunzitsi, podziŵa chimene adzafunsidwe, amathamanga ndi ana khumi a kutsogolo, ndipo otsalawo amangokopera zilembo za pabolodi monga munthu wojambula maluŵa pansalu. Chaka chikatha, ena amabwereza kalasi ndi kukamva zomwezo m'njira yomweyo. Ena amakwezedwa kuti apereke malo kwa obwera m'mbuyo. Ena amatopa nangosiya. Pamapepala zonse zimaoneka zolongosoka. Umu ndi mmene dziko limadzinamizira lokha.

Mankhwala ake si achilendo ndipo si odula. Abale athu a ku Zambia, kuyambira m'chaka cha 2016, anayamba ndondomeko yotchedwa Catch Up m'zigawo za kum'maŵa ndi kum'mwera kwa dziko lawo, potengera njira imene bungwe la Pratham linayesa kwa zaka zambiri ku India. Mphunzitsi amayesa mwana aliyense payekha kwa mphindi zochepa: kodi akudziŵa zilembo? Kodi akutha kuŵerenga mawu, ndime, kapena nkhani yonse? Kenaka ana a m'makalasi a pakati amagaŵidwa m'magulu molingana ndi pamene afika, osayang'ana zaka kapena kalasi, ndipo kwa ola limodzi pa tsiku amaphunzira pa msinkhu wawo, m'chinenero cha kwawo. Mwana akakhwima amasamukira gulu lotsatira. Ana a ku Chipata ndi ku Katete amalankhula chinenero chomwechi chimene tikulembera pano. Ngati zikutheka kumeneko, chingaletse n'chiyani ku Songani, ku Jali kapena ku Thondwe?

Tikudziŵa zimene otsutsa adzanene. Adzati nthaŵi palibe, silabasi ndi yaitali, mayeso akudikira. Ife tikufunsa: kodi phindu la kumaliza buku ndi lotani ngati amene mukumuŵerengera bukulo sakudziŵa kusiyanitsa "ba" ndi "da"? Ola limodzi loperekedwa ku kuŵerenga limapulumutsa maola ena onse a tsikulo, pakuti sayansi, ulimi ndi mbiri zonse zimaloŵera pa khomo la zilembo. Adzatinso ndalama palibe. Njira imeneyi imafuna choko, makadi odulidwa ku makatoni, timitengo ndi timiyala toŵerengera, ndi mlangizi wa maphunziro amene amafika pa sukulu m'malo modikira malipoti ku ofesi. Chimene chikusoŵa kwenikweni ndi lamulo lomveka lochokera kumwamba, lomumasula mphunzitsi kuti abwerere m'mbuyo ndi ana ake popanda kuopa kudzudzulidwa.

Palinso gulu lina limene likuganiza kuti makina adzatichitira ntchito yonse. M'chaka cha 2023 Unduna wa Maphunziro unayamba ndondomeko ya BEFIT yopereka matabuleti oyendera mphamvu ya dzuŵa kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4, kuti aziphunzira kuŵerenga ndi masamu aliyense pa liŵiro lake. Chida chimenechi ndi chabwino, ndipo sitikuchinyoza. Koma tabuleti silingapite kumudzi kukafunsa chifukwa chimene mwana wajombera masiku atatu. Silingazindikire kuti mwana akuwodzera chifukwa sanadye. Khasu, ngakhale likhale lakuthwa chotani, silipalira lokha. Amene akufuna kugula makina ndi kuiŵala nyumba ya mphunzitsi, malipiro ake ndi maphunziro ake akumanga denga asanaike mizati.

Chachiŵiri, tileke kudzidzimuka ndi zinthu zimene tikudziŵa kuti zidzabweranso. Madzi anasefukira mu 2015, namondwe wa Idai anadza mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022, Freddy mu 2023. Mitsinje ya Likangala, Mulunguzi ndi Domasi idzapitiriza kutsika m'phiri la Zomba kupita ku nyanja ya Chilwa chaka ndi chaka, ndipo chaka china idzadzazanso. Sukulu iliyonse iyenera kukhala ndi timabuku ta ntchito ya masabata anayi tosindikizidwa kale, tosungidwa pouma, toti mwana anyamule tsiku limene sukulu yatsekedwa. Kuphunzitsa mwana ali kutali si nzeru yobwereka. Dziko lino linakhazikitsa Malawi Correspondence College mu 1965, ndipo anthu ambiri amene anadzagwira ntchito m'boma anaphunzira kudzera m'makalata ndi pa wailesi. Pulogalamu ya Tikwere inaphunzitsa ana a pulaimale pa wailesi ya MBC, ndipo wailesi yomweyo ndiyo inatithandiza mu 2020. Kulakwa kwathu ndi kwakuti timaikumbukira nzeru imeneyi madzi atafika kale m'khosi. Momwemonso, makhonsolo ndi mafumu asankhiretu malo ena osungirako anthu pa nthaŵi ya ngozi. Palibe amene angathamangitse mayi ndi khanda lake m'kalasi usiku wa chigumula. Koma kalasi likakhala msasa kwa miyezi, ngozi ya sabata imodzi imasanduka ngozi ya moyo wonse wa mwana.

Chachitatu ndi atsikana. Boma linalengeza kuti pa nthaŵi imene sukulu zinali zotseka mu 2020, atsikana oposa 40,000 anatenga mimba ndipo pafupifupi 13,000 analoŵa m'mabanja asanakhwime. Lamulo lolola mtsikana kubwerera ku sukulu atabereka lilipo kuyambira 1993, koma lamulo la m'kabati silibweza mwana. Amene amabweza mwana ndi mfumu, mayi wa gulu la amayi a pa sukulu, ndi mphunzitsi wamkulu amene amamulandira mopanda chitonzo. Pa nkhani imeneyi Zomba inaphunzitsa dziko lonse la pansi. M'zaka za 2008 ndi 2009 akatswiri Sarah Baird, Craig McIntosh ndi Berk Özler anachita kafukufuku m'boma lomweli, pomapereka ndalama zochepa mwezi ndi mwezi kwa atsikana a zaka 13 mpaka 22 ndi makolo awo. Kumene ndalama zinkaperekedwa pokhapokha mtsikana akamapita ku sukulu, osiyira panjira anachepa ndipo kuŵerenga Chingerezi kunapita patsogolo. Kumene zinkaperekedwa popanda lamulo lililonse, mimba ndi maukwati a ana zinachepa. Atabwerera patapita zaka, anapeza kuti phindu lalikulu linazilala thandizo litatha. Phunziro lake ndi lomveka: chimene chimachotsa ana m'kalasi kaŵirikaŵiri ndi umphaŵi, ndipo thandizo la chaka chimodzi silikwanira. Aliyense amene anakwerapo mseu wopita ku Ku Chawe anaona ana atanyamula nkhuni pamutu, ena akugulitsa zipatso ndi mbatata kwa alendo. Mwana ameneyo si waulesi. Mbale ya phala pa sukulu ingamubweze msanga kuposa chikwapu.

Chotichititsa manyazi ndi chakuti nzeru zonse zofunika zili m'boma limodzi lomweli. Ku Domasi kuli Malawi Institute of Education, kumene silabasi ndi mabuku a ana athu zimakonzedwa, ndiponso koleji yosula aphunzitsi a sekondale. Mu mzinda muli likulu la MANEB, loyendetsa mayeso a dziko lonse, ndi Yunivesite ya Malaŵi, imene koleji yake ya Chancellor inasamukira kumeneko mu 1973. Likulu la dziko linachoka ku Zomba mu 1975, koma likulu la maphunziro likadali pa tsinde la phiri lomwelo. Mutu umodzi susenza denga. Okonza silabasi, okonza mayeso ndi osula aphunzitsi akhale pamphasa imodzi, asankhe sukulu zoyandikana nazo, ayese njira zimenezi, ndipo auze mtundu wa a Malaŵi zoona zokhazokha za zimene apeza.

Kwa inu atsogoleri a m'nthambi ndi m'madera, ndi inu ogwira ntchito m'boma, pempho lathu ndi limodzi. Sabata ino pitani pa sukulu imene ili pafupi ndi kwanu. Musakafunse kuti ana alembedwa angati. Kapempheni buku la Chicheŵa la Sitandade 2, muitane ana asanu a Sitandade 5, osati osankhidwa ndi mphunzitsi, ndipo muwapemphe mwaulemu kuti akuŵerengereni tsamba limodzi. Zimene mukamve mukazinene ku msonkhano wotsatira monga mmene zilili, osachotsera kapena kuwonjezera. Kuongola mtengo mpoyamba, ndipo mwana amene analoŵa sukulu mu 2019 uja sakudikira kuti timalize kukambirana: akukula.