Anyezi wanga musiyeni, inu ofunditsa dimba pulasitiki

Abale anzanga, lero ndalemba ndili ndi kamkwiyo, ndiye mundikhululukire mawu akalasa.

Loweruka lapitali ndinali ku kadimba kaja ndimabwereka ku khonsolo kuno ku West Midlands, komwe eni dziko amati allotment. Ndili chogwada, ndikutsomeka tianyezi m'nthaka, anatulukira anzanga ena, aphunzitsi a masamu, amene dimba lawo lili moyandikana ndi langa. Dzina ndisunga, akudzidziwa okha. Manja ali m'thumba anati: "Achimwene, Okutobala uno mukubzala? Anyezi wotchipa uja mu shopu n'kumamuvutikira chonchi?" Lawolo analifunditsa kale pulasitiki wakuda, njerwa pamwamba, ngati pagona maliro. Adzalivundukula mu Malichi.

Pamenepo sindinawayankhe mokwanira chifukwa zala zinali zitauma ndi kuzizira. Ndiye yankho ndi ili.

Nkhani si mtengo wa mu shopu. Tikadamawerenga makobiri okha bwenzi tonse titabweza makiyi a pageti kalekale. Nkhani ndi nthawi. Anyezi wobzala mu Malichi kapena Epulo amakhwima chakumapeto kwa Julaye kapena mu Ogasiti. Wosunga wa chaka chatha uja, pofika Epulo amakhala atayamba kumera ndi kufewa. Pakati pamenepa dimba limakhala lilibe kanthu, mpaka Angerezi eniake nyengoyi anaipatsa dzina loti hungry gap. Ife amene tinakula tikudziwa February wa kumudzi, nkhokwe itapepuka chimanga chikadali m'munda, sitifunika kutiphunzitsa zimenezi. Anyezi amene ndabzala panoyu ndiyamba kumuzula wamasamba mu Meyi, ndipo mu Juni akhala atakhwima. Pofika kumayambiriro kwa Julaye bedi lomwelo ndikhala nditathiramo mpiru kapena nyemba. Zokolola ziwiri pa bedi limodzi. Aphunzitsi a masamu, samu imeneyi yakuvutani pati?

Akuti chisanu chimupha. Bodza. Mitundu yake ndi yapadera: Senshyu Yellow wochokera ku Japan, Radar, ndi wofiira uja wotchedwa Electric. Ameneyu akagwira mizu nthaka ikadali yofunda, mu Seputembala kapena Okutobala, amangokhala duu nyengo yonse yozizira, timasamba tiwiri titatu, wooneka ngati womvetsa chisoni, kenako masiku akayamba kutalika amadzambatuka. Chomwe chimamupha ndi madzi. Izi ndinaziphunzira ndi misozi. Chaka changa choyamba ndinabzala pansi pathyathyathya m'dothi lamakande, mvula ya mu Disembala inadikha pamenepo masabata, ndipo theka la bedi linaola. Chaka chotsatira ndinaunda mizere monga timachitira kwathu, anthu n'kumandiyang'ana modabwa, ndipo vuto linathera pomwepo. Inu ana anga amene munkang'ung'udza ndikakutumani kukaunda mizere ku munda wa sukulu, mukuona tsopano kuti sichinali chibalo.

Kabzalidwe kake n'kosavuta mpaka kuchititsa manyazi. Masentimita 10 pakati pa kanyezi ndi kanzake, masentimita 25 mpaka 30 pakati pa mizere, kansonga kokha n'kumaonekera. Osakankha mwamphamvu m'dothi lolimba, kumbani kadzenje. Mbalame zimakonda kukoka kansongako, ndiye masiku oyamba mumayendera n'kubwezeretsa. Feteleza wambiri pano ayi, amachititsa masamba ofewa amene chisanu chimawatentha. Mudzamudyetse chakumapeto kwa February kapena mu Malichi. Ndipo musathamangire tianyezi tikulutikulu pogula, n'timene timafulumira kutulutsa duwa m'malo mokula mutu. Wina akatulutsabe duwa, muzuleni, alowe m'ndiwo tsiku lomwelo.

Akuti sasungika. Apa ndiye akunena zoona, ndipo sinditsutsa. Miyezi iwiri kapena itatu, basi. Koma ndani anati asungidwe? Kodi timaleka kudya mango chifukwa sakhalitsa ngati chimanga? Ameneyu ndi wodya Juni, Julaye ndi Ogasiti, wosunga uja akubwera m'mbuyo.

Adani enieni alipo awiri, ndipo anzangawo sanatchule ngakhale mmodzi. Woyamba ndi kantchentche kotchedwa allium leaf miner, kamene ku Britain kuno kanapezeka koyamba mu 2002 cha ku Wolverhampton, pakhomo pathu pomwepa. Kamaikira mazira mu Malichi ndi Epulo, kenakonso cha mu Okutobala ndi Novembala, ndipo mphutsi zake zimaboola masamba mpaka kutsikira kumutu. Mankhwala ake ndi neti ya timabowo ting'onoting'ono, kufunditsa tsiku lobzala lomwelo. Wachiwiri ndi white rot, nkhungu yoyera imene imaoletsa mizu ndipo imakhala m'nthaka zaka zoposa 15. Munthu akandiuza kuti dimba lake lili ndi matenda amenewa, ndimuvulira chipewa, asabzale. Koma anzangawa alibe white rot. Ali ndi mantha a kuzizira basi.

Ndipo chimene chikundiwawa kwenikweni ndi ichi. Ine ndinadikira zaka zitatu pa mndandanda kuti ndipatsidwe malo amenewa. Lamulo la 1908 linalamula makhonsolo kupereka madimbawa anthu akawafuna, koma malo sakwana, ndipo alipo anthu okhala m'mafulati, opanda ngakhale poika mphika wa tomato, amene akudikirabe. Dimba lathunthu limakhala pafupifupi masikweya mita 250. Munthu n'kutenga malo onsewo n'kuwagoneka pansi pa pulasitiki miyezi isanu? Kufunditsa bedi limodzi kapena awiri pofuna kupha udzu ndikumvetsa, nanenso ndimachita. Koma lonse? Ndiye mawa m'kalasi tikaima patsogolo pa ana a eni ake n'kumawadzudzula kuti sagwiritsa ntchito mpata umene apatsidwa.

Achimwene, tianyezi ta Radar tinanditsalira ndatisiya m'kathumba pansi pa njerwa yachitatu kuchokera kumpanda. Neti ndikubwerekani. Pakafika pakati pa Novembala kathumbako kali pompo, ndidzatenga ndikapatse mayi aja angolandira dimba la kumapeto.