Mlonda wa mfuti: kodi anaphunzira liti komaliza?

Mukapita ku banki ku Tete, ku Lichinga kapena ku Ulónguè, pakhomo mupeza mlonda atanyamula mfuti. Ku migodi ya malasha ku Moatize nakonso alipo ambiri. Ena timangowachula kuti guarda. Mwina ndi mwana wanu, mwina ndi amuna anu, mwinanso ndinu amene. Koma kodi munadzifunsapo kuti mfuti ija anaiphunzira liti komaliza?

Dziko lathu la Mozambiki limaidziwa bwino mfuti. Nkhondo itatha mu 1992, mfuti zambiri zinatsala m'manja mwa anthu. Mu 1995 machalichi anayamba kusinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga ndi makina osokera. N'cifukwa cake boma sililola kuti aliyense azingoyenda ndi mfuti. Mu 2007 linakhazikitsa malamulo awiri: Decreto 8/2007, la mfuti ndi zipolopolo, ndi Decreto 9/2007, la makampani a alonda. Kampani imayenera kukhala ndi cilolezo ca Ministério do Interior, mfuti zake zikhale zolembetsedwa, ndipo apolisi a PRM ndiwo amayang'anira.

Koma pepala palokha silokwanira. Kugwira mfuti kuli ngati kuwerenga: mukasiya kwa nthawi yaitali, mumaiwala. Munthu amene anaphunzira kamodzi kokha, zaka zisanu zapitazo, dzanja limanjenjemera usiku akamva phokoso. Cipolopolo cikatuluka sicibwerera, ndipo sicisankha wakuba kapena mwana wongodutsa. Ndiye maphunziro ayenera kumabwerezedwa: kutsuka mfuti, kuisunga, kuipereka kwa mnzako pomaliza nchito, makamaka kudziwa nthawi yosawombera.

Mfundo yaikulu nayi: mlonda si wapolisi. Akagwira wakuba, amupereke kupolisi. Kumumenya kapena kumulanga yekha ndi mlandu. Lamulo limalola munthu kudziteteza moyo ukakhala pangozi, koma mphamvu zake zisapitirire muyeso. Kuwombera munthu amene akuthawa ndi thumba la cimanga si kudziteteza ayi.

Taonani zimene zinacitika ku Montepuez, ku Cabo Delgado, kumene amakumba miyala ya rubi. Anthu 273 anakasuma ku London kuti alonda ndi apolisi a pamgodi anawazunza, kuwamenya ndi kuwombera ena. Mu 2019 kampani ya Gemfields inavomera kulipira mapaundi 5.8 miliyoni, ngakhale sinavomere kuti inalakwa. Ndalama zinaperekedwa, koma mabala a anthu anatsala.

Tsono ngati ndinu mlonda, kumbukirani kuti zikavuta, woyamba kuyankha mlandu ndinu amene munakoka cala, osati abwana amene ali ku ofesi. Funsani mwaulemu: "Kodi mfuti iyi ndi yolembetsedwa? Nanga maphunziro ena tidzacita liti?" Pepala lililonse limene akupatsani kuti musaine, muyambe mwaliwerenga. Sungani kontrato yanu ndi cikalata ca maphunziro. Mfuti musabwereke mnzanu, ndipo musaigwire mutamwa mowa. Kukakhala kovuta kulankhula nokha, pitani ku sindikato ya alonda, SINTESP.

Ngati ndinu mwini sitolo amene mukufuna mlonda, musangoyang'ana mtengo wochipa. Pemphani kuona cilolezo ca kampani, ndipo funsani kuti alonda ake anaphunzira liti komaliza. Anthu amene adzadutsa pakhomo lanu tsiku ndi tsiku ndi abale anu omwe.