Nyongolotsi, Mlimi Wopanda Khasu

Mvula ikagwa ku Majaua, nyongolotsi zimatuluka m'nthaka. Ana amazidziwa bwino. Anyamata amazikumba m'madimba n'kuziika ku mbedza pokawedza nsomba mumtsinje wa Ruo. Nkhuku nazo zimazikonda. Koma ndi anthu ocepa amene amadziwa kuti kanyama kameneka kamalima.

Nyongolotsi ya m'nthaka si ija ya m'mimba yodwalitsa ana. Iyi siluma munthu. Ilibe maso, ilibe miyendo, ilibe mafupa. Imapuma ndi khungu lake, n'cifukwa cake imafuna malo a cinyezi. Ikakhalitsa padzuwa imauma n'kufa.

Usana ndi usiku nyongolotsi imaboola nthaka. M'timauna take mumalowa madzi a mvula ndi mpweya. Mizu ya cimanga, ya nandolo ndi ya mpiru imatsata njira zomwezo. Cakudya cake ndi masamba owola, mapesi owola ndi ndowe za ziweto. Ikadya, imasiya timilu ta dothi lofewa pamwamba pa nthaka. Timilu timeneto ndi manyowa. Feteleza amafuna ndalama, koma manyowa awa sagulidwa kumsika wa ku Milange. Munthu wina wa ku England, Charles Darwin, anayang'anitsitsa nyongolotsi kwa zaka zoposa 40, ndipo mu 1881 analemba buku lathunthu lonena za izo.

Nanga mlimi ameneyu amalandira ciyani? Cilimwe cikafika, mabanja ambiri amasosa minda. Amaunjika mapesi ndi udzu n'kuyatsa moto. Munda umaoneka woyera, koma cakudya ca nyongolotsi capsa. Nthaka yatsala pamtunda ngati mutu wometa. Dzuwa limaiwamba mpaka kuuma gwa. Nyongolotsi zimathawira pansi penipeni, zina zimafa.

Kutentha mapesi si kwabwino. Mapesi ayenera kugona m'munda momwemo.

Makolo ena amati mapesi amaitana ciswe. Zoonadi ciswe cimabwera, koma cimayamba kudya mapesi ouma aja, n'kuwasandutsa dothi. Ena amaopa njoka. Mantha amenewa ndi omveka: wofuna kunyamula mapesi ayambe wawagwedeza ndi ndodo yaitali, ndipo mwana wamng'ono asapisemo dzanja. Palinso ana amene amayatsa munda pofuna mbewa. Mbewa ndi ndiwo zokoma, palibe wotsutsa. Koma ndiwo za tsiku limodzi sizingalipire munda umene ukudyetsa banja caka conse.

Anthu a m'mbali mwa Ruo amaidziwa mvula yoononga. Anaiona mu 2015, anaionanso mu 2023 pa namondwe Freddy. Nyongolotsi siingaletse cigumula cotero. Koma mvula ya masiku onse ikagwa pa nthaka yofundika, yokhala ndi timauna tambiri, madzi amalowa pansi. Pa nthaka yapamtunda madzi amathamanga, n'kutenga dothi lacajira kupita nalo kumtsinje.

Kuitana nyongolotsi sikovuta, ngakhale mwana wa kalasi yoyamba angathe. Kudimba la sukulu kapena kuseri kwa nyumba asankhe bedi limodzi la ndiwo zamasamba. Amwazepo ndowe zouma za mbuzi, makoko a nthoci ndi masamba ogwa m'mitengo. Pamwamba afundikepo udzu. Azithirira madzi kuti pakhale cinyezi, koma pasacite thope. Madzi a sopo, madzi a mcere ndi phulusa lamoto zisatayidwe pamenepo, cifukwa zimaocha khungu la nyongolotsi.

Pakapita miyezi iwiri kapena itatu, mwanayo avundukule udzu, apalase pang'ono ndi kamtengo, awerenge nyongolotsi zimene wapeza. Akapalasenso pamalo amene panapsa moto, awerengenso. Akatha azibwezere m'dothi, azifundike bwino nkhuku zisanazione, kenaka asambe m'manja.